Magitala a ku Bradley's Barn

Omvera athu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, inu amene mwakhala mukusoka fodya m'chigafa uku wailesi ikukuimbirani Jim Reeves ndi Don Williams, simudzazizwa ndi njira imene adatsata a Beau Brummels, gulu la ku San Francisco lotchuka ndi nyimbo za achinyamata. M'chaka cha 1968, atatsala awiri okha, Sal Valentino ndi Ron Elliott adanka ku Tennessee, najambula chimbale cha Bradley's Barn mu situdiyo ya Owen Bradley, pamodzi ndi akatswiri a ku Nashville monga Jerry Reed. Chimbalecho sichidayende malonda, ndipo posakhalitsa awiriwo adapatukana. Komatu kwa ine, mwa zonse adaimbazo, palibe china chokoma kuposa chimenechi.