Siginecha yanu isatsogole malipiro

Kale wantchito akalipidwa ndi cheke, ankasaina kumbuyo kwake n'kupita nacho kubanki. M'maiko ena monga United States mchitidwewu ulipobe: munthu amasaina kumbuyo, amajambula chekecho ndi foni, ndalama n'kulowa mu akaunti yake. Kuno ku Botswana khomo limeneli linatsekeka. Mabanki analeka kulandira macheke kumapeto kwa chaka cha 2023, monga momwe South Africa inachitira pa 31 December 2020. Choncho bwana wa ku Phakalane kapena wa pafamu ku Ghanzi akakupatsani cheke lero, wakupatsani pepala wamba.

Cheke chinapita, koma phunziro lake lidakalipo. Siginecha ya kumbuyo ija inali yolemera, chifukwa inkasonyeza mwini ndalama, ndipo nthawi zina inkazisamutsira kwa munthu wina. Lero malipiro akubwera pa Orange Money, MyZaka, Smega kapena pa akaunti ya kubanki. Mphamvu ija tsopano ili m'zinthu zitatu: nambala yanu ya foni, nambala yanu yachinsinsi, ndi dzina limene mumalemba m'buku la malipiro.

Poyamba, musasaine kuti mwalandira ndalama zimene simunazione. Uthenga umene bwana akukuonetsani pafoni yake si umboni, ndipo ngakhale uthenga wofika pafoni yanu ukhoza kukhala wopeka. Tsegulani nokha akaunti yanu, muone ngati ndalama zalowa zonse, kenaka musaine. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Chachiwiri, kulandirira malipiro pa nambala ya mnzanu n'chimodzimodzi kusaina cheke n'kumupatsa. Tikudziwa kuti ambiri amatero chifukwa cha vuto la mapepala, osati chifukwa cha ulesi. Komabe tsiku la mkangano, zolembedwa zidzaonetsa dzina la mnzanuyo, osati lanu. Amene ali ndi pasipoti alembetse nambala m'dzina lake. Amene sangathe, azilemba m'kope tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala imene zadzera, ndipo bwana azisainapo.

Chachitatu, nambala yachinsinsi si ya bwana, si ya kapitawo, si ya ejenti. Woidziwa ndiye wagwira thukuta lanu la mwezi wonse.

Kwa olemba ntchito, mawu athu ndi achindunji. Kutha kwa macheke kwachotsa chowiringula chakale chakuti banki ikuchedwa. Ndalama za pafoni zimafika msanga, ndipo zimasiya chizindikiro. Lipirani pa tsiku lomwe munagwirizana, lipirani zonse, ndipo mumpatse wantchito kapepala koonetsa zimene walandira ndi zimene zadulidwa. Mayi amene akulera ana anu wasiya ake ku Dedza kapena ku Chipata, ndipo fizi yawo ikudikira ndalama zomwezo.

Malipiro akabedwa kapena akachedwa, dandaulo limayambira ku ofesi ya za ntchito ya m'dera lanu, ndipo likakanika kumeneko likhoza kukafika ku Industrial Court mu Gaborone muno. Kumeneko adzafuna umboni. Musafufute mauthenga a malipiro, ndipo kope lanu lisungeni pamalo amene bwana safikapo.