Ndalama Zam'thumba Si Phindu

Ambirife fizi yathu imachokera ku geni. Makolo athu amaoda kachewere ku Bembeke n'kumagulitsa pa Dedza boma kapena m'mbali mwa msewu wa M1. Madzulo akaona thumba ladzaza amati malonda ayenda. Komatu m'ndalamazo muli mpamba, ya thiransipoti ndi ya chiphaso cha msika. Mpamba ukamadyeka mosadziwa, geni imagwa, fizi n'kusowa.

Tikuona kuti ophunzirafe tiyenera kuthandiza pogwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets. Mapulogalamuwa amatipatsa tsamba la timabokosi, ndipo amawonkhetsa ndi kuchotsera okha. Tsiku lililonse likhale ndi mzere wake: ndowa zomwe taoda, mtengo wake, zolipira panjira, zowola, zomwe tagulitsa ndi ngongole zomwe anthu atenga. Bokosi lomaliza lizionetsa phindu lenileni.

Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, katundu n'kukwera mtengo. Zikatero, wogulitsa mongoyerekeza amaluza osadziwa. Wa Excel amangosintha mtengo woodera, nthawi yomweyo n'kuona mtengo woyenera kugulitsira.

Ena anena kuti amayi alibe kompyuta ndipo kope lawo likukwanira. Zoona, kopelo asalitaye. Koma kope siliuza munthu msanga mwezi umene kachewere amawola kwambiri kapena amene wachedwetsa ngongole. Amayi azilemba m'kope, ife tizilowetsa mu foni kamodzi pa sabata, n'kukambirana nawo zotsatira zake. Tikapita ku holide ikubwerayi, tipemphe kopelo tiyambepo.