Lezala idawadyera alamu anga phindu la mpunga

Sabata ino za mtengo wa tomato tiyambe taziika pambali. Ndabwera ndi nkhani ya kanthu kopyapyala, kosaposa zala ziwiri m'lifupi, koma kamene kadawadyera alamu anga phindu la chaka chathunthu. Ndikunena mizere ija yokongoletsa m'mbali mwa galimoto.

Musaseke. Ambiri a inu muli ndi kapikapu konyamulira katundu, ena muli m'chipereganyu kusonkha ndalama zoti mugule. Tsiku lina nkhaniyi idzakupezani.

Alamu angawo amakhala kuchigwa cha Bwanje, cha ku Mtakataka, kumunsi kwa mapiri a Dedza. Inu ooda mpunga mukudziwako bwino. Kuli sikimu ija ya mahekitala 800 imene idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, yomwe imamwa madzi a mumtsinje wa Namikokwe. Geni ya alamu ndi yomweyo: kupikula mpunga kwa alimi, kuukweza pa pikapu, kukhota pa Golomoti, kukwera Khwekhwelere mpaka kukatulukira pa Masasa, ulendo wa ku Lilongwe. Pobwerera amatsika ndi kachewere ndi kabichi.

Pikapuyo ndi Toyota Hilux yakalekale, yofiira, ya mizere yasiliva ndi yakuda kuchokera kunyali yakutsogolo mpaka kumbuyo. Idakali yatsopano inkadzionetsa ndithu. Koma dzuwa la ku Bwanje mwezi wa Okutobala silinyengerera munthu, silinyengereranso penti. Mizere ija idauma, idathetheka, idachita mang'a ngati chidendene cha mlimi.

Chaka chatha alamu adaganiza zoigulitsa kuti aonjezere ndalama agule kalole. Mukudziwa inu kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuitanitsa galimoto kunja si masewera, ndiye yakale yomwe yasanduka golide. Wogula adapezeka, bambo wina wa ku Balaka. Adaizungulira, adamvetsera injini, adagwedeza mutu kuvomereza. Kenaka adaloza mizere ija.

"Achimwene, injini ilibe mlandu. Koma zigamba izi zikuikalambitsa. Muzichotse, ndibwera Loweruka ndi ndalama."

Alamu adaitana anyamata awiri a pamudzi. Adawapatsa malezala, botolo la thina ndi waya wotsukira mapoto. Ati ntchito ya ola limodzi. Ine ndidali komweko kudzaona mlongo wanga, ndipo ndidayesa kulankhulapo.

"Alamu, bwanji tifunse kaye anthu a penti?"

"Aaa, alamu, inu a m'tauni chilichonse mpaka kugalaja? Ndi sitika chabe iyi."

Ndidakhala chete, paja mlendo sathyola mphasa. Pofika masana mizere idali itachokadi. Koma mayo ine! M'mbali monse mudali mikwingwirima ngati padadutsa mphaka wolusa. Pamene padadontha thina, penti idachita mbuu. Pachitseko lezala idalowa mpaka chitsulo kuonekera. Ndipo pamene padali mizere padatsala mizere inanso, yofiira kwambiri kuposa galimoto yonse.

Loweruka bambo uja adabwera, adayang'ana kamodzi kokha.

"Iyi idagwapo iyi. Mukubisa chiyani?"

Alamu adalumbira, kutchula ndi akumanda omwe, koma munthu wa ndalama m'thumba salumbiridwa. Adadula mtengo moti ngakhale wogulitsa bonya sakadavomera. Malonda adafera pomwepo. Mvula itagwa, dzimbiri lidalowa m'mabala muja, ndipo ndalama za mpunga zidathera kupentetsa mbali zonse ziwiri. Kalole kaja mpaka lero kadakali m'maloto. Safunsa adadya phula.

Nkhaniyi idandiwawa, ndiye nditabwerera ku Lilongwe ndidapita ku Biwi kukacheza ndi mdala wina amene wakalambira pa ntchito yowongola ndi kupenta galimoto. Nditamufotokozera adaseka mpaka kutsokomola. Zimene adandiphunzitsa ndi izi, ndikugawirani ulere, basera wa sabata ino.

Choyamba, dziwani kuti penti ya galimoto ndi yopyapyala zedi. Yonse ya kufakitale, kuyambira pachitsulo mpaka pamwamba, kukhuthala kwake n'kongofanana ndi pepala limodzi la m'kope kapena kuposerapo pang'ono. Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi kachikopa kowala pamwamba, kamene opentawo amati kiliya, ndipo kameneka ndi pafupifupi theka chabe la pepala lija. Tsono taganizani lezala m'manja mwa mnyamata amene akuthamangira kukaonera mpira.

Chachiwiri, mizere si yofanana. Yendetsani chikhadabo pamphepete pake. Chikakodwa, ndipo kansonga kakutukuka, imeneyo ndi yomata, ya pulasitiki, ndipo mutha kuichotsa nokha. Ngati mukumva kakhwinya koma sikakutukuka, mwina ndi yolemba ndi bulashi, ngati mawu aja amalemba kumbuyo kwa matola. Imeneyo apatseni a penti aipukute ndi mankhwala awo. Koma chikhadabo chikangotsetsereka osamva kanthu, ndiye kuti mzerewo uli kunsi kwa kiliya. Usiyeni. Umenewo suchoka popanda kupenta.

Tsopano kachotsedwe ka yomata ija. Yambani mwatsuka galimoto ndi sopo ndi madzi ambiri. Fumbi la mumsewu ndi mchenga, ndipo mchenga ukalowa pansi pa kansalu umasanduka sandipepa.

Mukatero ifunditseni. Chinsinsi chonse chagona apa, chifukwa guluu akatenthedwa amafewa. Inu a m'tauni bwerekani makina oumitsira tsitsi kwa amayi a saluni, muuzire pang'onopang'ono kachigawo kotalika ngati dzanja lanu. Kumene kulibe magetsi, kansalu koviika m'madzi otentha kamathandiza, ndipo ku Bwanje dzuwa la m'ma teni koloko limagwira ntchitoyi mosalipiritsa. Muyeso wake ndi dzanja: chitsulo chifunde koma muzitha kuchigwira. Chikayamba kuotcha mwapyola, guluu amasungunuka n'kutsalira yense pagalimoto, ndipo penti ikhoza kutuwa kapena kutukusira. Moto wa gasi kapena muuni wa udzu, ayi ndithu.

Tukulani kansonga ndi chikhadabo kapena khadi yakale ya kubanki. Pulasitiki yokhayokha, chitsulo ayi. Pokoka musakokere kwa inu ngati mukuzula chinangwa. Pindirani mzerewo kumbuyo, uzigona pagalimoto pomwepo, n'kumakoka pang'onopang'ono uku mukufunditsa kutsogolo kwake. Ukaduka, tukulaninso. Udukanso, tukulaninso. Mdala uja adati ntchitoyi imafuna mtima wa mayi wosankha mpunga m'lichero. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga ikakhala yothetheka ngati ya alamu ija, yongobenthuka tizidutswa ngati mamba a chambo? Pamenepo pali chida chake. Ndi kagudumu ka labala kofewa komangirira ku drill, kamene kamafufuta mzere monga labala afufutira pensulo. Kampani ya 3M imapanga kotere, ndipo imachenjeza kuti kasazungulire kupyola maulendo 4,000 pa mphindi. Kamafuna dzanja lopepuka, loyendayenda, losaima malo amodzi, chifukwa kakaima kamaotcha penti. Pa bampala ya pulasitiki musakayandikize n'komwe, kamasungunula. Ngati simudagwirepo drill chibadwire, lipirani wodziwa. Ndalama yake singafike ndi pa chakhumi cha mtengo wopentetsa.

Mzere ukachoka pamatsala guluu wonata. Apa ndi pamene ambiri amachimwira, chifukwa amathamangira chilichonse chonunkha mwamphamvu. Thina ntchito yake ndi kusungunula penti, ndiye mukuyembekeza kuti pagalimoto panu achita chisoni? Mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo, chimodzimodzi. Mafuta a mabuleki ndiye mfiti yeniyeni, amasenda penti mpaka pachitsulo. Waya wa mapoto musiyireni mapoto.

Chofunika ndi palafini pang'ono pa kansalu kofewa, kapena WD-40 amene amapezeka m'mashopu a zipangizo za galimoto. Ngakhale mafuta ophikira amafewetsa guluu, kungoti amachedwa. Pakani, dikirani mphindi zingapo, pukutani mopepuka, kenaka tsukaninso ndi sopo. Koma musanayambe, yesani kaye pamalo obisika, monga m'kati mwa chitseko. Galimoto zathu zambiri zidapentedwapo kale pansi pa mtengo wa mango, ndipo penti yotero sipirira ngati ya kufakitale. Nthawi zina imatukuka limodzi ndi mzere womwewo. Mukaona utoto ukutsatira mzere, imani pomwepo.

Tsopano tifike pa chimene chidawapweteka kwambiri alamu: chithunzi chotsalira chija. Ndidamufunsa mdala uja kuti kodi anyamatawo adalakwitsa pati kuti mizere ionekebe itachoka kale. Adati pamenepo pokha sadalakwe. Zaka zonsezi dzuwa lakhala likusulutsa penti ya galimoto yonse, kupatula imene idabisala pansi pa mzere. Tsono mukavundukula mumapeza mtundu umene galimoto idabwera nawo kuchokera ku Japan, pambali pa mtundu umene yaupeza ku Golomoti. Zili ngati chitenje chimene mwachiyanika pa benchi mwezi wathunthu: mukachifunyulula, m'mapindo muli mtundu wina. Inu a kaunjika ndi a zitenje mukundimva. Galimoto yofiira ndiye imaonetsa kwambiri, pakuti utoto wofiira suchedwa kusuluka.

Mankhwala ake ndi kompaundi, phala lija opentawo amapukutira galimoto. Limachotsa kachikopa kakufa pamwamba kuti mtundu wamoyo uonekere. Pukutani chitseko chonse, osati pamzere pokha, kenaka polishi, kenaka phula lake lotetezera. Mukaona kansalu kakutenga mtundu wa galimoto musadzidzimuke, zikungosonyeza kuti yanuyo ilibe kiliya, monga mapikapu ambiri akale. Koma musachite kukhuta nako kupukutako, paja tati ndi pepala limodzi.

Ndipo ndikuuzeni zoona, abale anga: pa galimoto imene yamwa dzuwa zaka 20, chithunzicho chimachepa koma sichitheratu. Mdala uja adanena mosabisa. Ndiye musanatukule kansonga koyamba, dzifunseni ngati mwakonzeka kukhala nacho. Ena amangomata mizere yatsopano pamalo pomwepo, yokulirapo pang'ono, nkhani n'kutha. Alamu akadachita zimenezi bwenzi pano akuyendetsa kalole.

Zomwezi zikukhudzanso inu amene mudamata nkhope za andale ndi mitundu ya zipani pa galimoto zanu nthawi ya kampeni. Chiyambire 1994 takhala tikumata ndi kumatula zaka zisanu zilizonse, ndipo chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chidasiyanso ambiri ali kalikiliki ndi zikhadabo. Sitika ya miyezi itatu imachoka bwinobwino ndi madzi otentha. Koma ikagonera zaka, ngakhale muimatule usiku anthu asakuoneni, m'mawa chitseko chimaulula chokha kumene mudali. Ine sindidatchule munthu.

Chenjezo lina: pochotsa zokongoletsa musachotsere kumodzi zonyezimira usiku zija, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo. Zimenezo si zokongoletsa. Ndi zimene zimakuonetsani kwa woyendetsa thiraki pamene pikapu yakuferani mumdima pakati pa Mua ndi Golomoti, ndipo apolisi a pamsewu akapeza palibe mudzalankhula chilankhulo china. Komanso mukaganiza zopenta galimoto yonse mtundu wina, kumbukirani kuti mtundu wake udalembedwa m'mapepala a ku Road Traffic. Kawadziwitseni.

Nditsirize ndi inu ogula. Bambo wa ku Balaka uja adawalakwira alamu, pakuti pikapuyo sidagwepo chibadwire. Koma kukayika kwake kudali ndi mutu. Alipo ogulitsa ena amene amamata mzere watsopano dala pofuna kubisa pamene penti ziwiri zakumana, kapena pamene adatsekapo dzenje ndi fila. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukaona galimoto yokalamba itavala mizere yonyezimira ngati mkwati, yang'anani mtundu wa pamwamba pa mzere ndi wa pansi pake ngati zikugwirizana. Tengani kamaginito, kakulungeni m'kansalu, kayendetseni m'mbali. Pamene pali chitsulo kamagwira, pamene padzaza fila kamalefuka. Ndipo galimoto muziiona masana, itatsukidwa, osati madzulo kapena pamvula.

Kwa inu ogulitsa, ngati chithunzi cha mzere chatsala, musachite nacho manyazi. Muonetseni wogula, mumuuze kuti apa padali mzere, ndachotsa, penti ndi yomwe ija ya kufakitale. Kwa munthu wodziwa galimoto umenewo ndi umboni woti mbali imeneyo sidapentedwepo. Zili ngati mpunga: kasitomala amakhulupirira thumba limene mwamulola kupisamo dzanja mpaka pansi.

Alamu ndidakumana nawo mwezi watha pa Golomoti akukweza matumba. Pikapu ili psuu, yopanda mzere ndi umodzi womwe. Ndidawafunsa ngati adzamatenso ina.

"Alamu, ndikadzangogwiranso lezala, mudzadziwe kuti ndikumeta ndevu."

Tionana sabata yamawa, Mulungu akalola. Malonda akuyendereni.