ZA PAKHOMO PATHU: Nsomba yoweta idye chiyani?



M'kope lino tiyankha kalata yochokera kwa bambo wina wa kufupi ndi Jenda. Mwana wawo, monga anyamata ambiri a kuno ku Mzimba, ali ku Joni ndipo wapeza ntchito ya panyumba mumzinda wa Johannesburg. Mwa zina zimene abwana amusiyira kuti azisamala muli thanki yagalasi ya nsomba zokongola zotchedwa discus. Mnyamatayo ali ndi mantha kuti nsombazo zikafera m'manja mwake ntchito ithera pomwepo, pakuti ndi nsomba zodula. Bambowo nawonso ali ndi damu la nsomba kudimba, ndipo akudandaula kuti nsomba zawo sizikukula ngakhale amathira madeya tsiku ndi tsiku. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi: chakudya cha nsomba chimasankhidwa poyang'ana mtundu wa nsombayo ndi kumene idachokera, osati poyang'ana zimene zatsala m'mbale mwathu.

Poyamba tikumbutsane kuti nkhaniyi si yamasewera. Nsomba ya m'nyanja imadzifunira yokha chakudya, koma imene taitsekera m'galasi kapena m'damu ilibe kolowera. M'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya mayi amene adalangidwa chifukwa cha mphaka yemwe adamutsekera, osamupatsa chakudya, osamumasulanso kuti akadzifunire yekha. Choncho wotsekera cholengedwa wasenza udindo wodziwa chimene cholengedwacho chimadya.

Tiyambe ndi discus. Kwawo kwa nsombayi ndi ku South America, m'mitsinje yothira mu mtsinje waukulu wa Amazon. Thupi lake ndi lobulungira ndi lophwatalala ngati mbale, ndipo ikakula imafika masentimita 15 kapena kuposerapo pang'ono. Kukamwa kwake ndi kochepa, ndiye siimeza zinthu zikuluzikulu. Kutchire imatola tizilombo ta m'madzi, timphutsi, ndere ndi tizidutswa ta zomera. Chodabwitsa n'chakuti ana ake akangoyamba kusambira amadya mamina otuluka pakhungu la makolo awo, kukhala ngati akuyamwa.

Woweta discus atsate chikhalidwe chimenechi. Maziko a chakudya chake akhale timibulu touma topangidwira discus, timene timapezeka m'masitolo a ziweto ndipo timamira pang'onopang'ono. Pamwamba pa timibuluto azisinthasintha ndi timphutsi tofiira kapena tinkhanu ting'onoting'ono togulitsidwa titaumitsidwa m'firiji, komanso chakudya chokhala ndi ndere. Oweta ambiri amapera mtima wa ng'ombe atachotsa mafuta onse, chifukwa umakulitsa nsomba msanga. Koma ku Amazon discus siidya ng'ombe, ndipo nyenyeswa za nyamayi zimaipitsa madzi mofulumira, choncho isakhale chakudya cha tsiku lililonse. Nsima, buledi ndi mpunga wotsala zisalowemo n'komwe.

Nsomba zazikulu zidye kawiri kapena katatu pa tsiku, zazing'ono kochulukirapo, koma nthawi iliyonse chakudya chikhale chimene zingamalize m'mphindi zisanu. Chotsala pansi chichotsedwe, pakuti chikaola chimatulutsa poizoni amene amaotcha makha a nsomba. Madzi akhale ofunda, madigiri 28 mpaka 30, ndipo gawo lina la madziwo lizisinthidwa sabata iliyonse. Discus ikada khungu, ikamabisala pakona ndi kukana kudya, woweta ayambe wayeza madzi ndi kuona ngati hita ikugwira ntchito, asanaganize zoonjezera chakudya. Mnyamata wathuyo afunse abwana ake kuti amulembere papepala muyeso ndi nthawi yodyetsera, ndipo asapitirire pamenepo ngakhale nsombazo zizimutsata ngati zanjala.

Phunziro lomweli tili nalo kwathu kuno. M'nyanja ya Malawi muli mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, timene timatumizidwa kunja kuchokera ku Senga Bay ku Salima kuti tikawetedwe m'magalasi ku Ulaya ndi ku America. Kukongola kwa nsomba za mtundu umenewu ndi chimodzi mwa zifukwa zimene boma lidakhazikitsira paki ya m'nyanja ku Cape Maclear mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mbuna zambiri zimapala ndere pamiyala, ndipo matumbo ake ndi aatali ngati a chiweto chodya msipu. Oweta a kunjako akazidyetsa nyama yambiri zimatupa mimba ndi kufa, mpaka matendawo adawapatsa dzina la dziko lathu, akuti Malawi bloat. Taonani, chakudya chimene chimanenepetsa discus n'chomwecho chimene chingaphe mbuna. Madzi akenso ndi osiyana, motero ziwirizi siziikidwa m'thanki imodzi.

Tsopano tibwere kudimba. Ulimi wa nsomba za m'madamu udayamba m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo malo monga Nchenachena ku Rumphi ndi Domasi ku Zomba ndi odziwika pa ntchitoyi. M'madamu a alimi athu mumapezeka kawirikawiri mitundu itatu: makumba, chilunguni ndi mlamba. Mlimi ayenera kudziwa mtundu umene uli m'damu lake, chifukwa itatuyi siidya mofanana.

Makumba amasefa tizomera ndi tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, timene timapangitsa madzi kuoneka obiriwira. Ndiye wofuna kudyetsa makumba ayambe wadyetsa madzi. Ikani manyowa a nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe m'kakhola ka timitengo pakona ya damu kuti azisungunuka pang'onopang'ono. Pofuna kuyeza, viikani mkono mpaka m'chigongono. Ngati chikhato chikuoneka bwinobwino, madziwo ndi osauka, onjezerani manyowa. Ngati chikhato chazimirira mkono usanalowe n'komwe theka, manyowa achuluka, yambani mwaleka. Alangizi ena amatchulanso ndowe za nkhumba. Ife Asilamu tizipewe zimenezo, pakuti nsombazo tidzadya ndife ndi ana athu, ndipo manyowa a ziweto zina pano pa Mzimba sasowa.

Chilunguni ndi mbuzi ya m'madzi, chimadya masamba. Kholowa, chigwada, nkhwani, chisoso ndi nsenjere zanthete zoduladula, zonsezi ndi chakudya chake, ndipo sizilira ndalama. Mangani masambawo m'timitolo kuti mawa muthe kuchotsa mapesi otsala. Mlamba ndiye sasankha, amadya chiswe, nyongolotsi, mphutsi ngakhalenso ana a nsomba zinzake. Mukaika milamba ikuluikulu pamodzi ndi mbewu ya makumba, mudzadabwa pokolola.

Nanga madeya, amene kuno timati gaga? Ndi abwino, koma paokha ali ngati nsima yopanda ndiwo. Amapereka mphamvu, koma zomanga thupi muli zochepa, ndipo n'chifukwa chake nsomba za madeya okhaokha zimapinimbira. Sakanizani ndi ufa wa soya, pafupifupi mbale imodzi ya soya pa mbale zitatu za madeya. Soyayo ayambe wakazingidwa asanagayidwe, chifukwa wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa chakudya kugayika m'mimba. Nyenyeswa za usipa zotsala pansi pa thumba nazonso ndi zothandiza. Madeya achuku atayidwe, pakuti chuku chili ndi poizoni woononga chiwindi cha nsomba.

Muyeso nawo ndi wofunika. Nsomba zimene zikukula zimafuna chakudya cholemera pafupifupi magawo atatu pa magawo 100 a kulemera kwa nsomba zonse pa tsiku. Mwachitsanzo, ngati m'damu muli nsomba 300 ndipo iliyonse ikulemera magalamu 50, zonse pamodzi ndi makilogalamu 15, choncho chakudya cha tsiku ndi magalamu 450. Gawani pawiri, china dzuwa litakwera, china masana, ndipo thirani pamalo amodzimodzi kuti muziona mmene zikudyera. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Chakudya chochuluka chimaolera pansi ndi kumaliza mpweya m'madzi. Mukapeza nsomba zili kukamwa yasa pamwamba pa madzi m'bandakucha, musathire chakudya kapena manyowa tsiku limenelo, koma lowetsani madzi atsopano.

Chomaliza ndi nyengo yathu. Mzimba ndi dziko lokwera, ndipo kuzizira kwa mu June ndi July ku Champhira, ku Luwerezi ndi m'mphepete mwa mapiri a Viphya tonse tikukudziwa. Thupi la nsomba limatsata kutentha kwa madzi, ndiye madzi akatsika pansi pa madigiri 20 makumba ndi chilunguni amadya pang'ono ndipo kukula kumachedwa. M'miyezi imeneyi chepetsani chakudya, dyetsani masana okha madzi atafunda, ndipo musataye mtima. Kukayamba kutentha mu September nsomba zimayambanso kudya mwamphamvu, ndipo apo ndi pamene soya wanu adzaonetse phindu. Kuzizira komweku, pamodzi ndi kuzimazima kwa magetsi, ndi chifukwa chake sitikulimbikitsa m'bale aliyense kubwera ndi discus kuno kumudzi.

Amene mukufuna mbewu yabwino ya nsomba kapena malangizo oonjezera, pitani kwa mlangizi wa za nsomba kudzera ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu. Ana nawonso apatseni ntchito yothyola masamba ndi kuyeza madeya akaweruka ku madrasa, kuti akule akudziwa kusamala chamoyo.

Allah adalitse ntchito za manja anu ndi kusunga ana athu amene ali kutali. Tikumanenso m'kope likudzali, Insha Allah. Wassalam.