Golide wopanda mapepala asadye reforma yanu

Abale anga a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, nkhani imene ili m'kamwa mwa akuluakulu opuma pa nchito masiku ano ndi ya golide. Aphunzitsi akale, anamwino, ngakhale madala amene anabwera ndi kangacepe kucokera ku Joni, akunong'onezana pa msika kuti: tapa zonse unasunga ku banko, ugule golide kwa magarimpeiro, ukwirire m'nyumba.

Mantha ao ine sindiwaseka. Tonse tikukumbukira caka ca 2016, pamene metikali inagwa mpaka dola imodzi kuyandikira mametikali 80. Sopo ndi feteleza zinakwera, reforma ili pomwepo. Golide naye wakweradi. Mu 2020 anapyola madola 2.000 pa onsa imodzi, ndiye kuti magalamu 31, ndipo mu 2025 anapyola 4.000. Koma amene amakuwerengerani manambala amenewa amalumpha dala liu limodzi: msonkho.

Lamulo lalikulu la dziko lathu limati cuma ca pansi pa nthaka mwini wake ndi Boma. Lamulo la 2014 linaika msonkho wa 6 pa 100 pa golide wokumbidwa, umene pa Cipwitikizi amati Imposto sobre a Produção Mineira. Pa golide wa mametikali 100.000, Boma likufunapo 6.000. Tsono funsani: mnyamata amene wakugulitsani kumtsinje uja analipira? Ngati analipira, recibo ili kuti? Inu mukuyesa mwagula mochipa, pomwe mwagula ng'ombe pamodzi ndi nkhupakupa zake. Tsiku limene mudzafuna ndalama, wogula wa lisensa adzayamba wafunsa kumene golideyo anacokera, ndipo mukasowa pepala adzakukanani kapena kukutsitsani mtengo. Wa kandonga adzatsitsa koposa, podziwa kuti kulibe kumene mungakadandaule.

Cinanso, kugula golide wa m'migodi kuti udzagulitsenso ndi malonda. Malondawo amafuna lisensa yocokera ku unduna wa Recursos Minerais, amafuna NUIT, ndipo phindu lake a Autoridade Tributária amaliwerengera msonkho. Wopezeka ndi golide wopanda mapepala amalandidwa, mlandu n'kutsala pamutu pake. Mnyamata akalandidwa amabwerera kudzenje mawa lake. Nanga nkhalamba ya zaka 65 idzabwerera kuti?

Ena akuti, ine ndidzangouluka naye pa Calómuè kapena pa Cassacatiza, ndikagulitse kutsidya. Pepani bambo, golide saturuka m'dziko ngati thumba la mbatatesi. Popanda cikalata ca Boma, a Alfândega amati kumeneko n'kuzembetsa, ndipo kutsidyako nakonso kuli malamulo ao.

Za mtengo tisanamizane. Mu 2011 golide anafika pafupi ndi madola 1.900, koma pakutha kwa 2015 anali atatsika kufupi ndi 1.050. Mabanki akuluakulu angathe kudikira zaka. Munthu wofuna mankhwala a shuga mwezi uno sangadikire. Ndiponso ndani mwa ife angasiyanitse ndi maso golide weniweni ndi fumbi la mkuwa? Pali nkhani ya amai kunyumba. Mwamuna akamwalira, INSS imapatsa wamasiye ndi ana reforma yao cifukwa maina ali m'buku. Kabotolo kokwiriridwa kuseri kwa nkhokwe, kamene mwini wake sanauze munthu, kamapita ndi malirowo.

Sindikunena kuti golide ndi woipa. Amene mtima wake wakakamira, asatape zonse, ndipo asakongole ku banko podalira reforma ya mwezi ndi mwezi. Ayambe wapita kuboma la distritu, ku ofesi ya Actividades Económicas, akafunse za lisensa ndi msonkho umene ulipo caka cimeneco, pakuti malamulo amasinthidwa. Pogula, wogulitsayo alembe pa factura dzina lake, nambala ya lisensa yake ndi magalamu ake. Akayamba kuyang'ana kumbali, bwezani ndalama zanu m'thumba.