Fani ikaima, makaniko ayambire pa fyuzi

Madalaivala a Sienta ndi Probox amene amanyamula anthu ndi katundu pakati pa Karonga ndi Chitipa akuluza ndalama pa vuto limene nthawi zambiri silifuna ndalama zochuluka. Injini ikatentha pokwera mapiri a msewu wa makilomita pafupifupi 100 umenewu, makaniko ena amangoti mota ya fani yapsa, mwini galimoto n'kutuma munthu ku Karonga kapena ku Tunduma kukagula ina. Mota yatsopano ifika, fani osazungulabe.

Chizindikiro chake n'chosavuta. Galimoto ikamatentha itaima pa siteji kapena pamzere wa mafuta, koma n'kumazizira ikamathamanga, fani ndiyo yoyamba kuikayikira, chifukwa pa liwiro mphepo imaziziritsa rediyeta yokha.

Makaniko wodziwa ntchito amayambira pa fyuzi, chinthu chotsika mtengo kuposa zonse. Ikakhala yabwino amapita pa rileyi, ndipo apa palibe chogula: amaisinthanitsa ndi ina ya nambala yofanana m'bokosi lomwelo. Akatero amazula pulagi ya fani n'kulumikiza mota ku batire ya mavoti 12 ndi mawaya awiri. Ikazungulira, mota ilibe mlandu. Chatsala ndi sensa yoyeza kutentha kwa madzi, waya woduka, kapena waya wa efi amene wachita dzimbiri kapena wakhwefuka ndi mabampu a msewu wa ku Nthalire ndi ku Misuku. Pa galimoto zambiri kuyatsa AC kumadzutsanso fani, mayeso aulere amene dalaivala angachite yekha asanalowe pa galaja.

Chimene eni galimoto ayenera kukana ndi chizolowezi cholumikiza fani "dayirekiti" kuti izizungulira nthawi zonse kiyi ikatsegulidwa. Inde, galimoto imafika pa boma tsiku limenelo, ndipo pamalo opanda sipeya palibe angamudzudzule makaniko. Koma kuisiya choncho miyezi kumatha mota msanga, injini imachedwa kufunda m'mawa wa June ku Chitipa kuno, mafuta n'kumapita ambiri. Choipitsitsa ndi kumanga kawaya m'malo mwa fyuzi yopsa, kapena kuika ya ma ampu ochuluka kuposa olembedwa pa chivindikiro. Fyuzi ikapsa kachiwiri, ndiye kuti penapake waya wakhudza chitsulo kapena mota ikukoka magetsi mopyola, ndipo kawaya kaja kadzalola mawaya onse kuyaka.

Wogulitsa sipeya kawirikawiri salandiranso chipangizo cha magetsi chikatuluka m'sitolo, choncho mwini galimoto ali ndi ufulu wopempha makaniko kuti amuonetse mota ikukana kuzungulira pa batire asanatulutse ndalama. Singano ikafika pofiira, dalaivala aime, azimitse injini, ndipo asatsegule chivindikiro cha rediyeta mpaka izizire. Kukakamira kuti akafike pa Kapoka kungapsereze gasiketi, ntchito yomasula mutu wa injini imene mtengo wake umaposa wa fani kutali.