Alamu akufuna kunditumizira mfuti ya mpweya yophera makoswe, koma ine ndakana

Lero ndalemba zazitali, ndiye pezani pokhala.

Mukukumbukira sabata yatha ndinadandaula pano za anapiye anga. Thadzi linaswa 14, lero atsala 5. Ena anapita ndi akhwangwala masanasana, ena tinawapeza m'mawa atadyedwa m'khola, ntchito ya makoswe. Makoswe omwewo aboola matumba awiri a chimanga m'chipinda chomwe timasungiramo zokolola. Nditangolemba zija, alamu anga a ku Joni anandiimbira pa WhatsApp, nkundionetsa mfuti ya mpweya, ija ena amati air gun, yakuda bii, ili ndi kagalasi koonera patali pamwamba. Akuti, "Alamu, musavutike. Iyi ndi yamphamvu, khoswe amagwa kamodzi. Ndikutumizirani mu Disembala."

Kunena zoona mtima unadumpha. Mwamuna wanji amene sanalotepo atanyamula mfuti? Tonsefe tinakula ndi legeni m'khosi. Koma ndagona nayo nkhaniyi masiku anayi, ndipo ndawayankha kuti zikomo kwambiri, asagule. Ndikulemba pano chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi ganizo lomwelo, ndipo ena muli ku Joni komweko mukuziona m'mashopu.

Ndiyambe ndi kuyamikira chinthucho, kuti musati ndikunyoza zomwe sindikuzidziwa. Mfuti iyi siigwiritsa ntchito wonga. Imakankha kachipolopolo ka mtovu ndi mpweya. Zilipo za mitundu iwiri zomwe zimapezeka kwambiri. Ina umaithyola pakati, sipuling'i nkukokeka, nkuikamo kachipolopolo kamodzi. Ina, imene amati PCP, ili ndi kathanki komwe umapopamo mpweya wambiri mpaka 200 bar, ndipo imawombera kangapo usanapopenso. Tizipolopolo take timakhala ta 4.5 mm kapena 5.5 mm. M'manja mwa munthu wodziwa kuchalira, khoswe amene ali pa mtunda wa mamita 20 kapena 30 sapulumuka. Siiphokosa ngati mfuti ya wonga, komanso siisiya poizoni pabwalo. Izi ndi zoona ndipo sindikutsutsa.

Funso langa ndi lakuti: kodi mdani wathu weniweni ndi ndani, ndipo mfuti ingamuthe?

Khalani pansi muwerenge zomwe zakudyerani chakudya zaka zapitazi. Ntchemberezandonda zija zachilendo zinalowa m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017, mpaka mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi. Mpaka lero chaka chilichonse timazipeza mu mtima wa chimanga. Mungaziwombere? Nankafumbwe uja woboola ngakhale thabwa, amene anabwera kuchokera ku Tanzania, amasandutsa thumba lonse kukhala fumbi musanafike mu Novembala. Mungamuwombere? Nanga chiswe? Nanga fuko wodya mbatata ndi chinangwa pansi panthaka? Nanga akuba a chimanga chachiwisi mu Febuluwale? Pa awa musayerekeze nkomwe, mukathera kundende. Mukachotsa onsewa, mfuti yatsala ndi adani awiri okha: khoswe ndi khwangwala.

Tiyambe ndi khoswe. Khoswe wamkazi amatenga bere milungu itatu yokha, nkuswa ana asanu, asanu ndi mmodzi, nthawi zina kuposa apo. Anawo pakatha miyezi iwiri kapena itatu nawonso ayamba kuswa. Ndiye inu mwakhala pampando usiku ndi tochi, udzudzu ukukudyani, mwapha atatu. Mwachita bwino. Koma pansi pa maziko ndi kudenga kuli angati? Bola chakudya chilipo poyera, madeya ali m'thumba lotsekula, dzala lili kuseri kwa khola, amene mwaphawo malo awo amadzadzidwa mwezi usanathe. Msampha umagwira ntchito inu muli mtulo. Mphaka salipiritsa. Mfuti imafuna mwini wake akhale maso, ndipo mwini wakeyo mawa lake ali ndi khasu lomudikira.

Komanso makolo ananena kale kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Makoswe athu sakhala pa mtetete ayi. Amakhala pa matumba, kudenga la malata, kuseri kwa ndowa, m'khola momwe muli nkhuku zomwezo. Mukawombera pamenepo mukuboola malata anu omwe, ndipo mvula ikubwerayi mudzandikumbuka.

Khwangwala ndiye wochenjera kuposa tonse. Paja amati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Mbalame imeneyi imazindikira munthu. Mukapha mmodzi, otsalawo akangokuonani mwatuluka ndi chinthu chachitali m'manja amakakhala pa mtengo wa kutali. Mukalowa m'nyumba kukadya nsima, abwerera. Anapiye anga anatengedwa ine ndili kumunda, mayi a kunyumba ali kumsika. Mfuti ikanakhala itatsekeredwa m'nyumba, ikanapulumutsa mwanapiye uti?

Tsopano nkhani imene yandilemera kwambiri ndi ya malo omwe tikukhala. Kameza wa lero si uja wa kale. Amene munachoka kuno kalekale mukabwera mudzasochera. Kuchokera pa raundabauti, kaya mulowera msewu wa ku Chileka, kaya wa ku Lunzu, kaya mukhotera ku Machinjiri, ndi mapuloti okhaokha. Munda wanga wapakhomo mbali ina wachita malire ndi mpanda wa njerwa, mbali ina ndi kanjira komwe ana a sukulu amadutsa m'mawa ndi masana. Kachipolopolo kakaphonya sikagwera pomwepo. Kochokera mu mfuti yamphamvu, makamaka mukaloza m'mwamba pofuna mbalame ya mu mtengo, kamatha kuuluka mamita mazana. Kakamenya njerwa, mwala kapena chitsulo kamanjanja nkulowera komwe simunaloze. Kamaboola khungu, kamaphulitsa diso, ndipo kakalowa pamalo polakwika kamapha munthu. Mawu oti "yamphamvu" amene alamu akunyadira ndi omwewo akundiopsa ine. Mphamvu yowonjezerayo ndi yothandiza pa munda waukulu wopanda anthu. Pano ingowonjezera mtunda womwe ngozi ingafike.

M'nyumba mwanga muli anyamata awiri, wina wa Sitandade 7, wina wa Fomu 2. Ndikuwadziwa bwino. Tsiku lomwe ndidzapite kumaliro, kiyi adzaipeza, anzawo adzaitanidwa, ndipo chandamale chidzakhala botolo poyamba, kenako nkhunda za aneba, kenako galu. Ndikalephera kugona chifukwa cha makoswe ndi nkhani ina. Kukagwada pakhomo pa mnansi wanga chifukwa mwana wake wataya diso ndi nkhani yomwe sindingaithe moyo wanga wonse. Anapiye 9 si mtengo wa diso la mwana.

Taganiziraninso izi. Usiku wa mdima, munthu akuzungulira mpanda ndi tochi, m'manja muli chinthu chooneka ngati mfuti yeniyeni. Achitetezo cha m'mudzi akamuona aganiza chiyani? Tonse tikudziwa momwe anthu atopera ndi akuba, ndi momwe gulu limachitira likangomva kuti "wakuba!" Palibe amene adzayambe wafunsa ngati ndi ya mpweya kapena ya wonga.

Za malamulo nazo ndiwauze abale a kunja. Ku South Africa mfuti za mpweya zosafika 5.6 mm amagulitsa popanda laisensi, nchifukwa chake alamu akuiona ngati akugula wailesi. Ku UK ikapyola mphamvu ya 12 foot-pounds umayenera kukhala ndi chiphaso cha mfuti chochokera kupolisi. Dziko lililonse lili ndi muyezo wake. Kuno kwathu kuli lamulo la Firearms Act, zilolezo za mfuti amapereka ndi apolisi, ndipo kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu. Risiti ya shopu ya ku Johannesburg si chilolezo cha pa chipata cha Mwanza kapena Dedza. Aliyense amene akufunabe, ayambe wapita kupolisi kukalongosola za mapepala chinthucho chisanakwere basi. Osachibisa pakati pa mabulangete, mudzaika pamavuto dalaivala ndi m'bale wanu yemwe.

Ena munalemba kuti ingathandize anzathu a m'mphepete mwa Michiru amene amavutika ndi anyani ndi apusi. Pepani, ayi. Nyama zam'tchire zili ndi lamulo lake, lomwe analikhwimitsa mu 2017 mpaka zilango zina kufika zaka 30 pa nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka ndi njovu, ndipo kusaka kumafuna chilolezo cha a Parks and Wildlife. Kupatula apo, nyani ndi nyama yaikulu. Kachipolopolo aka nthawi zambiri kangomuvulaza, azikafa pang'onopang'ono kuthengo. Imeneyo ndi nkhanza, si ulimi.

Pomaliza, ndalama. Mfuti yabwino ya PCP siibwera yokha. Imafuna pampu yake, kagalasi, tizipolopolo, ndi timphira tam'kati tomwe timatha nkuyamba kutaya mpweya. Zonsezi nzochokera kunja. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani sakudziwa momwe katundu wakunja akuvutira? Kamphira kakatha mukakakonzetsa kwa ndani pa Kameza pano, kwa wowotcherera mageti? Idzangokhala pakhoma ngati chithunzi. Ndipo titadutsa mu Freddy mu 2023 ndi chilala cha 2024, ine ndaphunzira kuti ndalama iliyonse yolowa pakhomo iyenera kuteteza thumba la chimanga mwachindunji.

Ndiye ndawapempha alamu kuti ndalama yomweyo atumize, ndichite izi. Choyamba, matumba a PICS, aja a mapepala awiri m'kati ndi saka kunja. Chimanga chikauma bwino nkumanga zolimba, mpweya umatha m'katimo, nankafumbwe amafa popanda mankhwala. Matumbawo akhale pa thandala, osagunda khoma. Chachiwiri, thumba la simenti lotsekera mauna onse, ndi lata lokhomera kunsi kwa chitseko. Chachitatu, waya wa mabowo ang'onoang'ono womangira kakhola ka anapiye kotseka ndi pamwamba pomwe, akhale m'menemo mpaka atakula. Khwangwala aziwaonera kunja. Chachinayi, misampha khumi yotchera m'mbali mwa khoma momwe makoswe amadutsa, nyambo yake chiponde kapena kausipa. Madeya alowe mu diramu ya chivindikiro. Mphaka ndapeza kale.

Tameki ndiye ayi ndithu, ngakhale akumagulitsa mobisa m'misika. Wapha agalu, nkhuku ndi anthu ambiri m'dziko muno. Ndipo aneba, kadzidzi akalira pa mtengo panu musamugende. Ndikudziwa zomwe tinauzidwa tili ana, koma mbalame imeneyo chakudya chake ndi mbewa ndi makoswe omwewa, ndipo imagwira ntchito usiku wonse.

Chinanso, makoswe sadziwa malire a puloti. Ine ndikatchera ndekha, a kwa inu asamukira kwa ine. Bwanji tigwirizane sabata imodzi mvula isanayambe, tonse a mzere uno titchetche, tikwirire maenje a zinyalala, titchere misampha tsiku limodzi? Ndikalankhula ndi amfumu za zimenezi.

Sindikuti mfuti ya mpweya ilibe malo ake. Munthu wa famu yaikulu cha ku Chileka kapena kupitirira Lunzu, wa makola a nkhuku zikwizikwi, wopanda nyumba za anthu pafupi, wokhala ndi mapepala ake ndi kabati yokhoma, kwa iyeyo ingathandize kumalizitsa makoswe ochenjera amene akana msampha. Ngakhale iyeyo ayambe watseka mauna. Koma kwa ine ndi inu a theka la ekala pakati pa mipanda ya anthu, phindu lake ndi laling'ono, ngozi yake ndi yaikulu.

Alamu, ndikudziwa muwerenga. Musakhumudwe, mtima wanu ndauona ndipo ndathokoza. Mukabwera mu Disembala mudzapeza anapiye ali m'waya, ndipo tambala mmodzi ndi wanu.

Amene munagwiritsapo ntchito mfuti imeneyi, tiuzeni zoona: makoswe anatha, kapena munatopa ndinu?